Likongwe ndi Tambala wa Kutali

Akuti Tambala wa kuseri kwa chulu, a Kwenda aja oyenda modzimva, anathawa ndi Nkhanga. Nkhaniyi inayambira kuchitsime, ndipo pofika kumtondo inali itanenepa kale. Ena ankati anawaona awiriwa akulowa m'munda wa nandolo ataphatikana, ena ankati Nkhangayo anali atayamba kale kufuna pobisa mazira. Ine zonsezo sindizimeza, koma sindizilavulanso zonse, chifukwa maso a a Kwenda sankakhala malo amodzi. Chodziwika n'chakuti awiriwa anasowa tsiku limodzi, ndipo mkazi wa a Kwenda, Thadzi Nadzimbiri, anatsala akulira.

Womupukuta misozi anali mnzake wa pamtima, Likongwe Nachanza. Musakweze nsidze, ndikudziwa kuti likongwe akaona nkhuku amaona ndiwo. Koma chaka china cha mvula yambiri, una wa Nachanza unadzaza madzi iye ali ndi khanda. Nadzimbiri anatola kamwanako kali njenjenje n'kukafungatira pamodzi ndi anapiye ake mpaka kanafunda.

Mwanayo, Tsilizani, anakula akuitana Thadzi kuti mayi aang'ono. Nachanza analumbira pamaso pa mudzi wonse kuti, "Nkhuku ya pamudzi pano sidzalowanso m'kamwa mwanga." Ndipo anasungadi mawu ake, nkhuli ikamugwira ankakakumba mbewa kapena kutola ziwala. Anali wa mtima wabwino mayi ameneyu, koma anali ndi kachilema kamodzi: chinthu chikamuvuta kuchiyang'ana, ankangotembenuzira nkhope kumbali.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono, a Kwenda asanasowe. Tsilizani anapeza mbeta kwa a Nyenga, kutsidya kwa dambo, ndipo chinkhoswe chinaikidwa anthu akangomaliza kukolola. Tsono mwambo mukuudziwa: akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti, ndipo ankhoswe a mbali zonse amagawana nkhuku pamaso pa anthu kuti ubale wamangika. Kwa ena tambala ndi msoti opatsanawo amatha kusungidwa n'kuswana. Kwa a Likongwe ndi a Nyenga sagona, amathera pomwepo.

Tsiku lina Nadzimbiri anapeza mnzake atagwira tsaya pakhomo pa una.

"Amake Tsilizani, mwaonda ndi chiyani? Ngati ndi chakudya, chisakusowetseni mtendere. Maungu ali mbwee pansi pa nkhokwe, mtedza ulipo, bowa ndinafutsa, ngumbi ndinayanika zodzaza mtsuko."

"Zikomo anzanga, zimenezo adzadya alendo."

"Nanga za tambala mutani?"

Nachanza anayamba kuchotsa chisoso kumchira kwake, chisoso chimene panalibe. "Tiona," anatero. Onse awiri anayang'ana pansi, kenako anayamba kukamba za mtengo wa mchere.

Mumtima Nachanza ankati, ine ndikaonekere kwa a Nyenga ndi dzungu? A Nyenga ndi achibale a a Likongwe, koma ndi aakulu matupi, aakulunso matama. Akanamupekera nyimbo yoti aziimba pamtondo mpaka adzukulu ake kukwatiwa. Komanso akanatha kungonyamula mwana wawo n'kubwerera naye, Tsilizani n'kutsala akuyang'ana fumbi.

Apa m'pamene panatera Khwangwala wa geni, uja wa kolala yoyera ngati akupita kuukwati tsiku lililonse. Lilime lake linali lotsekemera kuposa uchi wa m'mphako.

"Mayi, vuto lanu ndalimva ndili m'mwamba. Inu munalumbira nkhuku ya pamudzi pano. Nanga ya kutali munailumbira?"

"Ya kutali yake iti?"

"Ya kutauni, mayi. Yoyera mbee, yobadwira m'makina. Ilibe mayi, ilibe chiwongo, sidziwa n'komwe kuti ndi nkhuku."

"Ilibe mayi?"

"Ngakhale malume."

"Ndiye palibe amene amailira?"

"Aililire ndani, makinawo?"

Nachanza anaseka, ndipo anamva ngati wamutula mtolo wa nkhuni zaziwisi. "Bweretsani tambala mmodzi. Koma musandiuze dzina lake, musandiuze kumene wachokera, musandiuze chilichonse." Khwangwala anawerama mpaka mlomo kugunda pansi. "Mayi, makasitomala ngati inu ndi amene ndimawapempherera." Analandira mbewa zake zowamba n'kuuluka.

Patangopita masiku ochepa, a Kwenda anasowa, ndi Nkhanga yemwe. Kamaganizo kena kanamuluma Nachanza ngati utitiri, koma anangokanda n'kupitiriza ntchito. Mphekesera ya kuthawitsana itamveka, iye anailandira ndi manja awiri, chifukwa inkamugonetsa tulo. Woyamba kuinena kuchitsime, ndauzidwa, anali Khwangwala yemweyo, koma woithira mchere anali Nachanza.

"Amuna ndi choncho, anzanga," ankatero akusisita mnzake pamsana. "Musalire, akatopa ndi mawangamawangawo abwera okha."

"Koma sanasiyepo kulira m'mawa ngakhale akudwala," ankayankha Nadzimbiri. "Kukhala kuti ali pafupi, bwenzi ndikuwamva."

M'mawa wa tsiku la chinkhoswe, Khwangwala anafika akukoka dengu lovundikira ndi chiguduli. "Musavundukule mpaka nthawi yake, mayi. Za kutauni zimaopa mphepo." Anatero n'kukakhala pamwamba pa mkuyu kudikira makombo.

Nachanza anasesa pabwalo, anayala mphasa, koma maso ankangobwerera kudenguko. Pomaliza anayang'ana uku ndi uku n'kutukula chiguduli pang'ono. M'katimo munali tambala woyeradi mbee, mlomo womangidwa ndi luzi, miyendo yomangidwanso. Koma kuyerako kunali kothothoka, pansi pa dengu panali mbuu ngati pamphero.

Ndiye anaona chala. Chala chapakati cha kumanzere chinali chopindikira kunja ngati mbedza. Mudzi wonse unkachidziwa chala chimenecho, chinathyoka tsiku limene a Kwenda anagwa padenga la nkhokwe akuonetsa misoti mmene amaulukira. Diso limodzi lofiira linamuyang'ana Nachanza, osaphethira.

Anabwezeretsa chigudulicho msangamsanga ngati chamuotcha. "Atambala a zala zopindika alipo ambiri padziko lino," anadziuza yekha. "Ngakhale kutauni amagwa." Anapita kukadzola mafuta, koma maganizo anali kudengu mpaka anadzipaka m'diso.

Dzuwa litakwera, bwalo la pansi pa mkuyu linadzaza. A Nyenga anafika ndi ng'oma zawo, michira ili m'mwamba, atanyamula dengu lawo lovundikira bwino. Tsilizani anamuzindikira mkazi wake pakati pa atsikana ofunditsidwa zitenje, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Koma panalibe amene anaimba nthungululu kuposa Nadzimbiri, ngakhale maso ake anali otupa ndi kulira.

Atatula malichero ake a chakudya, Nadzimbiri anakokera mnzake pambali.

"Amake Tsilizani, ndikudziwa kuti m'dengumo muli nkhuku. Musachite manyazi, ndamva kuti ndi ya kutali. Nthawi yake ikakwana, ine ndipita kuseri kwa nkhokwe ndikatseke makutu."

"Anzanga..."

"Ayi, musanene kanthu. Mwana uja ndinamufungatira ndekha. Akwatire basi."

Anatero n'kumukonzera mpango kumutu, n'kunyamuka kupita kuseri kwa nkhokwe. Nachanza anatsala ataima ngati chitsa. Akanamutukwana zikanamupepukira.

Malume a mkwatibwi, a Nyenga aakulu a mimba yofika m'maondo, anaimirira n'kukhosomola. "Ankhoswe anzathu, zovina zakwana. Tambala wathu ali kuti? Mano athu achita dzimbiri kudikira tsiku limeneli." Anthu anaseka, ng'oma zinalira, ndipo mlongo wake wa Nachanza, amene anali nkhoswe ya kuchimuna, ananyamula dengu akuvina. A Nyenga anatambasula manja, malovu ali chuchuchu.

Nachanza anayesa kutembenuzira nkhope kumbali monga mwa masiku onse. Koma kumbaliko n'kumene kunali nkhokwe, ndipo pansi pake pankaoneka timiyendo ta Nadzimbiri titaima chilili.

"Taimani!"

Ng'oma zinaduka. Nachanza anathamanga, analanda ndowa ya madzi osamba m'manja, anakoka chiguduli, n'kukhuthulira tambalayo madzi kuyambira kumutu. Ufa unatsika ngati phala. Panatuluka nthenga zofiira, panatuluka mchira wakuda wonyezimira, ndipo bwalo lonse linati, "Haa!" Anadula luzi ndi mano ake omwewo amene anayenera kuchita ntchito ina.

"Nadzimbiri! Mkazi wanga! Andidya ine!" anakuwa a Kwenda, mawu atasasa, ulemu wonse utatsalira m'dengu.

Nadzimbiri anatulukira kuseri kwa nkhokwe mapiko ali tambasu. Anawakumbatira, anawajompha pamutu, anawakumbatiranso. "Ali kuti mkazi wanuyo?" anafunsa akulira. "Mkazi wake uti? Ine ndakhala m'chisa cha Khwangwala, pansi pa dengu, mlomo uli chimangire!" anayankha a Kwenda.

A Nyenga aakulu anafufuma ngati finye. "Mwatiitanira masewera? Mwatipatsa nkhuku, mwatilandanso, pamaso pa anthu! Ife tabwera ndi msoti weniweni wa kutauni, inu mukutipatsa aneba anu opaka ufa. Ana inu, nyamukani, ukwati watha!"

Mkwatibwi anayamba kusisima. Koma Nachanza ndowa anali asanaitule, ndipo munali mutatsala madzi.

"Asewere, pepani, ndalakwa ndine. Koma ndifunse nawo, msoti wanuwo munagula kwa yani?"

"Kwa Khwangwala, nanga kwa yani?"

"Munafunsa kumene wachokera?"

"Ndani amafunsa ndiwo kwawo?"

Nthawi yomweyo dengu la a Nyenga linagwedezeka, ndipo m'katimo wina anayetsemula. Nachanza sanadikire chilolezo. Anavundukula n'kuthira madzi otsalawo, ndipo kuyera kuja kutatsika panaoneka mawangamawanga ndi kamutu kadazi. Anali Nkhanga!

Atangomumasula mlomo, Nkhanga anayamba phokoso lake lija loboola makutu. "A Nyenga! Inu a Nyenga! Chaka chatha moto wolusa ukubwera kumauna kwanu, anakuwa ndani kuti muthawitse ana? Si ine? Lero mwandinyamula pamutu, mukuvina, kuti mukandidye?" A Nyenga aakulu anaphwa ngati chikhodzodzo choboola. Anthu atayang'ana m'mwamba mwa mkuyu, anangoona nthambi ikugwedezeka, Khwangwala anali atafika kale kuseri kwa phiri.

Tsono vuto linali lisanathe. Nkhuku yoti adye panalibe, ndipo popanda chogawana ankhoswe ubale sumangika. Tsilizani anaimirira, anagwada pamaso pa akuluakulu, n'kunena motsitsa mawu. "Amalume, ine ndinakulira m'mapiko a nkhuku. Banja langa lisayambe ndi maliro a bambo anga aang'ono." Mkwatibwi anapukuta misozi n'kukagwada pambali pake, ndipo amayi onse anati, "Eee, mwana waulemu uyu."

Nadzimbiri anasiya mwamuna wake akudontha madzi n'kulowa pakati pa bwalo. "Akuluakulu, ine ndine mlendo pamwambo wanu, mundikhululukire. Koma mmene ndimaonera, chachikulu n'chakuti mbali ziwiri zigwire chinthu chimodzi, zing'ambe, zidye anthu akuona. Ndanama?" Palibe anatsutsa. Iye anakoka lichero lake lalikulu n'kuvundukula dzungu lophika lathunthu, lachikasu ngati dzuwa la m'mawa.

"Ine Nyenga, mwana wa Nyenga, ndidye dzungu ngati mbuzi?"

"Tang'ambani muone, bambo," anatero Nadzimbiri.

A Nyenga anagwira mbali ina monyinyirika, mlongo wake wa Nachanza anagwira inayo, n'kukoka. Dzungu linatseguka, ndipo m'katimo munali ngumbi zokazinga zosakaniza ndi bowa wotendera. Fungo lake linazungulira bwalo lonse, mpaka oimba ng'oma anasendera pafupi.

"Inenso sindikhalira masamba okhaokha," anatero Nadzimbiri. "Koma ngumbizi chulu chake ndikuchidziwa, ndi ichi chili apachi. Ndinagwira ndekha, ndinatenga zotikwanira, zambiri ndinazisiya ziuluke kuti chaka chamawa kudzakhalenso zulu. Dzungu ndi la m'munda mwanga, mtedza analima a Gologolo. Funsani chilichonse m'licheromu, ndikuuzani kwawo."

A Nyenga aakulu analawa kachidutswa ndi nsonga ya mano, nkhope atakwinya. Analawanso kuti atsimikize kuipa kwake. Kachitatu sanalawe, anangomeza, ndipo amene anali pafupi akuti anawaona akubisa chidutswa china kunsi kwa mchira kuti akadyere kunyumba. "Ubale wamangika," anatero pakamwa pali todzaza. Nthungululu zinaphulika, ndipo a Kwenda, ataona kuti anthu akuwayang'ana, anakwera pamtondo n'kulira kokoliliko ngati kuti zonsezi anakonza ndi iwo.

Alendo atabalalika dzuwa likupendeka, kuulula kunayamba. A Kwenda anavomera kwa mkazi wawo kuti palibe anawagwira ndi mphamvu. Khwangwala anawaza chakudya cha nkhuku za kutauni pansi pa dengu lotchera ndi kamtengo, m'munda wa nandolo, ndipo iwo analowa okha, atatopa ndi gaga wa pakhomo amene ankamunena kuti ndi wa amphawi. Za mmene Nkhanga anapezekera m'munda womwewo, tsiku lomwelo, sanavomere kanthu mpaka lero, ndipo inenso pakamwa panga ndatseka.

Koma kuulula kwenikweni kunachitikira kuseri kwa nkhokwe, kumene Nachanza ndi Nadzimbiri ankatsuka mbale awiriwiri. Nadzimbiri ankangoyamika. "Mwandibwezera banja, amake Tsilizani. Koma munadziwa bwanji kuti ndi iwo, ufa wonse uja?"

Nachanza anatsuka mbale imodzi mpaka inatsala pang'ono kubooka.

"Ndinadziwa m'mawa, anzanga. Ndinasuzumira, ndinaona chala, iwo anandiyang'ana. Ndiye ndinavundikiranso n'kupita kukadzola mafuta."

Nadzimbiri anasiya kutsuka.

"Ndiponso tambalayo ndinaitanitsa ndine. Ndinamuuza Khwangwala kuti asandiuze dzina. Za Nkhanga zija ndinkazikometsa dala, kuti ndisaganize."

Madzi ankadontha pathandala. Kenako Nadzimbiri anafunsa, osakweza mawu. "Nanga chala chikanakhala chowongoka?"

"Tikanadya," anayankha Nachanza, ndipo ulendo uno sanatembenuzire nkhope kumbali.

"Ndiye kuti kuchitsime china, kumudzi wina, kukanakhala thadzi lina likuuzidwa kuti mwamuna wake anathawa ndi nkhanga." Nadzimbiri anapumira m'mwamba. "Inenso ndinamva kuti ndi wa kutali, ndinati zilibe kanthu, ndinakatseka makutu. Tonse tinavundikira, anzanga. Koma inu munavundukulanso, anthu onse akuona, ukwati wa mwana wanu uli pangozi."

Nachanza anayamba kulira, kulira kwenikweni kotulutsa mamina. Nadzimbiri anamuyang'ana kanthawi, kenako anatambasula phiko n'kumufungatira monga anachitira ndi mwana wake chaka cha madzi chija.

"Basi, basi, mwakula nazo izi. Gwirani mbale iyi mupukute. Ndipo mawa mupite nokha kuchitsime mukachotse mchere munathira uja."

Anapitadi, ndipo ndi mmene nkhaniyi inandipezera ine.

Phunziro: Chakudya chilichonse chili ndi kwawo. Usanadye, funsa kumene chachokera, amene wachilima kapena kuchigwira, ndi amene walira kuti iwe ukhute. Kukana kudziwa sikuchotsa mlandu, ndipo cha kutali sichiposa cha pakhomo chimene ungachitchule dzina popanda manyazi.